Chitsulo cha m'Bafa

Kalata ya khonsolo ya Walsall inati tidikire miyezi isanu.
Miyezi isanu bambo wandevu akupukutidwa m'beseni ngati khanda?
Loweruka ndinakwera basi, ndinakagula ndekha:
zitsulo ziwiri zogwirira, mpando wopinda,
ndi kamkeka ka labala ka timilomo kunsi
toyamwa pansi ngati misundu.
Landilodi pa foni anangoti boolani, koma musaswe.

Sosten wakhala pa chivundikiro cha toileti,
ndodo pakati pa miyendo, kapitawo weniweni.
Zaka khumi ndi zinayi wamata matailosi m'nyumba za eni
kuyambira ku Dudley mpaka ku Cannock.
Lero dzanja lamanja langogona pantchafu
ngati mlendo wosowa potsanzikira.
Sitiroko inamusiyira theka la pakamwa,
ndipo thekalo likukwanira kundikalipira.

"Tepi," akutero. "Mata tepi kaye. Iterereka."
Ndamata.
Akugogoda khoma ndi ndodo, khutu tcheru,
go, go, kenako gu.
"Apo ayi. Paipi."

Ine ndimagwira usiku kosungira okalamba ku Bloxwich.
Ndasambitsa misana ya anthu osandidziwa dzina,
ndagwiritsa zala zonjenjemera zitsulo zonga izi kambirimbiri
osafunsapo kuti anazikhoma ndani,
anali ndi mantha otani pozikhoma.

Anga mantha ndi a mu Febuluwale.
Ndinali pamasitepe ndi zochapa m'manja,
khu!
kenako madzi okha akuyankhula.
Ndinamupeza atapindika pakona, sopo ali kukhosi,
mawu oyamba sanali akuti ndidzutse.
Anati tseka chitseko, mwana angaone.

Pepala la m'katoni lili ndi manambala ake,
koma ife tayeza mwathumwathu:
waimirira, ndamugwira lamba kumbuyo,
watsinzina, watambasula dzanja lamanzere lonyowa
ngati munthu amene akugwa.
Pamene chikhatho chadinda, ndazunguliza pensulo.

Makina oboolera ndi ake, chogwirira chinatha ndi thukuta lake.
Akulira m'manja mwanga mpaka m'mano.
Fumbi loyera, kenako lofiira la njerwa,
likutsikira m'zikhadabo, m'mphete yaukwati.
"Usakankhe. Aleke adye okha."
Bowo loyamba. Lachiwiri.
Pa lachisanu tailosi yati the,
kamng'alu konga tsitsi limodzi.
Ndayang'ana Sosten.
Phewa lamoyo likugwedezeka, misozi mbwee,
kuseka kumene sindinakumve chichokereni kuchipatala.
"Ukanakhala wantchito wanga,
lero lomwe ukanalandira zako."

Mwatitha wabwera ndi tiyi, mafunso ali m'Chingerezi.
Tamuuza alendewere, walendewera, mapazi m'mwamba.
Ndiye ine, thupi lonse la mayi wa ana atatu,
ndakoka ngati ndikuzula chinangwa m'chilimwe.
Khoma silinayankhe kanthu.
Mpando ndaufunyulula, ndaukhalira, ndadumphirapo pang'ono.

Kunja kwada isanakwane faivi, mvula yosatha ija.
Walowa yekha.
Loko tinachotsa kale, koma chitseko wakankha mpaka chati kwe.
Ndakhala pa sitepe yomaliza, thaulo pamiyendo,
ndikumvetsera monga ndinkachitira ana ali akhanda:
ndodo yatsamira khoma,
mpando walira kamodzi,
mpope watseguka.
Nthunzi ikutuluka kunsi kwa chitseko, ikundinyambita akakolo.

Ndawerenga mpaka handiredi. Ndayambiranso.
Miyezi isanu ndi inayi msana umenewo wakhala ntchito yanga,
manjawa sakudziwa kokhala.

"Nachisale!"

Ndaimirira, thaulo lagwa, mtima uli pakhosi.

"Chitsulo chakochi."
Madzi akugwabe.
"Chapendekeka."

Ndakhalanso pansi.
Chapendekeka, inde, ndinachiona levulo isananene,
kadontho kanathawira kumanzere ngati mwini wake.
Ndamusiya adandaule.
Munthu wodandaula za mzere ndiye kuti waimirira,
ndipo wagwira.