Loweruka pa Makwerero Athu

Amabwera Loweruka lililonse, cha m'ma leveni koloko,
anthu khumi, mwina khumi ndi awiri,
patsogolo pali Tamazi, mwana wa malemu Eteri wogulitsa buledi uja.
Amanyamula ambulera yofiira ngakhale kumwamba kuli mbee
kuti asamutaye m'makwalala a Sololaki.

Ine ndimakhala ndili pakhonde la matabwa, ndikuyanika zovala,
mawu ake n'kumakwera makwerero kudzandipeza:
"Taonani kudenga. Angelo awa anajambulidwa
nyumbayi ili ya munthu wolemera, wamalonda a nsalu.
Taonani chitsulo chogwirira ichi, chapotana ngati mpesa."
Onse makosi m'mwamba, kukamwa yasa,
mafoni ng'aning'ani.

Palibe amene amayang'ana pansi,
pa sitepe yachisanu ndi chiwiri pomwe mwala unadyeka.
Si zaka zinaudya.
Ndi Otari, mwamuna wanga, ankakhala pomwepo kuvula nsapato
akachedwa kumowa, ati kuopa kundidzutsa,
ngati kuti ndinkagona.

Sabata yatha ndinavala chikhoti cha kutchalitchi,
ndinatsika, ndinalipira malari makumi awiri ngati mlendo aliyense.
Tamazi anatong'ola maso. "Azakhali Lamara, inunso?"
Ndinati ndikufuna ndikaone kumene ndimakhala.

Tinayambira kumunda wa maluwa, kuseri kwa linga lakale,
kumene mathithi amalongolola osapumira.
Anaitana mitengo ndi mayina ake achilatini, umodziumodzi,
ngati mphunzitsi woitana ana m'kaundula.
Mkungudza wina anati unachokera kutali uli kambewu chabe.
Mtengo umenewo ine ndimaudziwa.
Chaka chija cha chisanu, mzinda wonse wa Tbilisi uli mumdima,
tinauthyola nthambi usiku, ine ndi Otari,
kukaphikira ana nyemba.
Chipsera chilipobe. Anadutsa osachiona,
nanenso sindinakhosomole n'komwe.

Kenako misewu yotsetsereka, mawondo anga akudandaula.
Khomo ili, khomo ilo.
Mkango wamwala wopanda mphuno.
Magalasi amitundumitundu amene Nunu amapukuta ndi nyuzipepala.
Khonde lina anati likulendewera ngati chisa cha namzeze,
alendo n'kugwedeza mitu.
Zoti chaka chatha linagwetsera m'phika wa maluwa
pa galimoto ya dokotala wa mano, sananene.

Titafika kwathu mtima unagunda ngati ndikulowa kwa eni.
Ndinakweza mutu pamodzi ndi anzanga olipira.
Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi m'nyumba muno,
kulowa ndi zikwama za mbatata, maso pa masitepe,
kutuluka ndi ndowa, ndi ana, tsiku lina ndi bokosi la maliro,
osadziwa kuti mngelo wa kumanzere
wagwira khangaza long'ambika
ndipo akuseka.

Mtsikana wina wa ku Kutaisi, kamera ili pakhosi, anafunsa:
"Kodi muno mumakhalabe anthu?"
Tamazi anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana mngelo.
Pamwamba mpopi wathu wodontha unayankha, tho, tho,
ndipo fungo la anyezi wa Nunu linatsika makwerero
kudzapereka moni kwa aliyense.

Ambulera yofiira inatuluka, gulu pambuyo pake,
kukaona chitseko china cha mkuwa kumsewu wakumtunda.
Ine ndinatsala. Ndalama zanga zinali zitakwana.

Ndinakhala pa sitepe yachisanu ndi chiwiri
n'kuvula nsapato, pakuti mapazi anali atatupa.
Mwala unandilandira ngati ukundidziwa.
Ndiye ndinatsamira khoma, mutu chagada.
Ukakhala pamenepo mngelo uja amaoneka bwino zedi,
khangaza lake, mano ake, ndi mng'alu wodutsa paphiko.

Kani n'chifukwa chake bambo uja ankachedwa kukwera.