Chibangili cha Amayi

Yangdzom anakathyola pamwamba pa phiri la Baima,
komwe ng'ombe zake zaubweya zimadya m'nkhungu:
kaduwa kofiirira, kosaposa chala kutalika.
Anakakulunga m'pepala la fodya
nati kwawo amakatafuna chifuwa chikavuta.
Za dzina lachilatini sanafunse n'komwe.

Lero ndili ku Kunming, usiku wachitatu tulo tilibe.
Tsamba lija ndinalisinja m'kamtondo kozizira koopsa,
utsi woyera uli tolotolo patebulo,
mpaka linasanduka fumbi.
M'fumbimo muli timatumba tobiriwira, kloroplasiti,
momwe chomera chimafulira chakudya ndi dzuwa,
ndipo m'kathumba kalikonse mwagona chibangili:
zilembo zinayi zokha, kusinthanasinthana malo,
zikwi zana limodzi ndi makumi asanu,
mutu utaluma mchira.

Chibangilichi sichichokera kwa bambo.
Mungu ndi mkamwini, umabwera ndi njuchi.
Amaveka mwana ndi mayi,
mwanayo n'kudzaveka wake,
apa ndi apo chilembo chimodzi n'kuphonyeka,
ngati mkanda wosweka poumangirira mumdima.
Ine ntchito yanga n'kuwerenga zophonyekazo.

Aphunzitsi anga, a Pu Jingwen,
zaka makumi atatu akhala akulumbira
kuti kaduwaka ndi mphwake wa therere la m'chigwa cha Lancang.
Masamba amodzimodzi, ubweya umodzimodzi.
Cha m'ma folo koloko kompyuta yajambula mtengo wa mbumba,
ndipo nthambi yakana.
Abale ake a bere limodzi ali kutsidya, ku Nepal.
Anasiyana mapiri akali kudzuka,
munthu asanayatse moto.
Wa m'chigwa uja ndi mnansi chabe,
kuzizira kumodzi kunawasema nkhope imodzi.

Ndawaimbira kutacha.
Ziii. Kenaka chifuwa, kenaka supuni m'kapu.
"Werenganso."
Ndawerenga kale katatu, aphunzitsi.
"Ndiye lemba. Dzina langa uliike kumapeto."

Sindinawauze chomwe chinandigwetsa pampando.
Ine ananditola pasiteshoni ya sitima ku Qujing,
nditakulungidwa m'jekete ya mwamuna,
popanda kalata, pamkono mbee.
Kaudzu aka kadziwa kwawo m'masiku atatu.

Ndatsuka kamtondo, ndazimitsa magetsi.
Mawa nditumiza uthenga kwa Yangdzom,
foni yake ikadzagwira pa msasa wa m'munsi.
Ndikudziwa chimene adzafunse:
ngati kakuchizabe chifuwa.