Pampu ya Che Dinala

Pa Chinamwali, kuseri kwa chigayo,
pansi pa bwemba wouma mbali imodzi,
Che Dinala amamata machubu a njinga.
Kumata umalipira ndalama.
Kupopa umalipira dzina.

"Nditchulire chamoyo chimodzi," amatero osadzutsa mutu,
"chimene sichinatchulidwe pano mwezi uno.
Mbuzi ayi. Nkhuku ayi.
Zam'khola zili nawo kale oziwerenga."

Ife akabaza tinkaseka.
Lolemba ndinalipira khwangwala,
Lachiwiri chule, Lachitatu bongololo,
iye n'kumalemba ndi khala
pachitseko chakale chotsamira tsinde.
Sabata isanathe ndinali mmphawi.
Ndinaima pamenepo, tayala lili phwa,
m'mutu muli mbee,
ine wobadwira m'tsinde mwa phiri lonseli.

Asiyatu wazitumbuwa anandinong'oneza: nanzikambe.
"Imeneyo ndi ngongole," anatero mkuluyo,
"udzabweza kwa mwini wake."

Ndiye ndinayamba kupempha mayina m'njira
monga ena apemphera moto.
Mayi wina ndinamunyamula ndi dengu la bowa
kupita naye kumsika waukulu.
Anandipatsa utale, anandipatsa manyame,
n'kuwonjezera basera:
bowa amene agogo ako ankadya
sudzamupeza pansi pa paini, mwanawe,
amatsata msuku ngati mwana atsata chitenje.
Msodzi wa ku Kachulu anandiwerengera matemba, makumba, mlamba,
ndi mbalame ina ya m'mabango
imene dzina anaiwala, koma kulira kwake akukudziwa.
Analira pakati pa msewu, anthu n'kucheuka.
Ndinakamulirira Che Dinala momwemo.
Anaganiza, anakanda ndevu,
analemba mzere wokhotakhota. Anapopa.

Tsiku lina kunabwera mnyamata wa kuyunivesite,
natchula dzina lalitali lothyola lilime.
"Labwino. Nanga amayi ako amachitcha chiyani?"
Mnyamata anakankha njinga mpaka ku Matawale.
M'mawa anabwerera ali mwee,
atathera mayunitsi onse pa foni ya kumudzi.

Koma la Makwinja sindidzaliiwala.
Anatsika kuphiri ndi matumba atatu a makala,
thukuta likulemba mitsinje pankhope.
"Mlombwa," anatero.
"Uli pati, tikauone?"
Makwinja anayang'ana kuphiri,
kenaka anayang'ana matumba ake.
Chigayo chokha ndicho chinkayankhula.
Che Dinala sanamunyoze, amadziwa mtengo wa ufa.
Anapopa matayala onse awiri,
analemba mlombwa, n'kuuzunguliza mpanda wa khala.

Kuyambira apo timipanda tinachuluka pachitseko:
mayina amene tili nawo pakamwa
koma eni ake sitikumana nawonso.
Gwape. Katumbu wa mu Likangala.
Ziphaniphani zimene zinkayatsa dambo lathu usiku,
ndani anaziona chaka chino? Tinafunsana.
Wina anati ine, wina anati ukunama,
mkangano unakula kuposa wa mpira,
mpaka anyamata anayi anapita kukadikira mdima
kuti abwere ndi umboni.

Mvula yoyamba inagwa usiku wa Lachinayi.
M'mawa chitseko chinali choyera,
madzi akuda atalowa pansi pa bwemba.
Asiyatu anagwira pakamwa.
Miyezi isanu ndi iwiri ya mayina!

Che Dinala anathira mafuta pa pampu yake.
"Chitseko sichinali nkhalango," anatero.
"Mvula yagwa, ngumbi zituluka madzulo ano,
achule ayamba kale msonkhano.
Pitani mukaone amene abwera
ndi amene sanabwere."

Ngongole ya Asiyatu ndinabweza dzulo.
Ndinamutengera kumlatho wa Mulunguzi,
tinaima mpaka miyendo kuwawa,
kenaka kanadutsa, kabuluu, kothamanga ngati mwala wa legeni,
kukasowa m'mithunzi ya mikuyu.
Dzina lake tonse sitikulidziwa.
Tayala langa lakumbuyo likuchepa mpweya
ndipo ndikufunsabe.