Pa Chipata cha Mzinda Wachisanu

Kuseri kwa okala ya Che Twaibu ku Mpondabwino
kunali kachipinda ka malata odontha,
kanema wa chimsana, benchi limodzi,
ndi ife anayi, ndalama ya makala titabisa m'sokosi.

Tinali ndi lupanga, mapu ong'ambika,
ndi mtsikana wamatsenga wochiza mabala ndi kabotolo kobiriwira.
Chingerezi cha pa kanemayo ankamasulira ndi Ajibu;
ankanama molimba mtima, ife n'kumavomera.
Chinjoka cha kuphanga tinachipha paulendo wachisanu ndi chiwiri,
magetsi atatithimira kasanu ndi kamodzi.

Pa chipata cha mzinda wachisanu disiki inakana.
Tinaipukuta ndi malaya, ndi malovu,
ndi mankhwala otsukira mano a mayi ake Ajibu,
koma mlonda wa pachipatayo anangouma,
kukamwa kuli yasa, mawu atatsalira pakati.

Papita zaka makumi awiri.
Ndimaphunzitsa masamu ku Chinamwali.
Malipiro ndi ochepa koma ndi anga,
ndiye ndati ndigule, ndisabe.
Ndafufuza usiku wonse, bandulo ikutha ngati madzi a m'dengu:
kampani yake inatseka, inagulidwa ndi ina,
inayo inamezedwa ndi inanso.
Nyimbo za m'gemumo mwini wake anamwalira,
ana ake salankhulana.
Zithunzi zili kwa maloya.
Nkhaniyo ili m'kabati, mu mzinda wina wozizira,
kiyi wake palibe akumukumbuka.
Pomwe ndinati ndapeza pogula
pandiyankha mwaulemu wonse:
sizipezeka m'dziko lanu.

Ndaseka ndekha.
Za chuma cha masiye timazidziwa kuno.
Nyumba ya malume ku Sadzi inagumuka tikuona,
abale akuponyerana makalata,
chiswe chokha chikudya chopanda chilolezo.

Pamsika, pafupi ndi ogulitsa mabulosi a kuphiri,
mnyamata wokonza mafoni wandinong'oneza:
bwana, siyani fulashi, mawa muipeza.
Ndaima pamenepo mpaka mvula yayamba.
Kodi ndi kuba
kutola chimene mwini wake sachifuna
koma akuchilondera ndi chibonga?
Ana a sukulu ndimawauza kuti asakopere.
Fulashi ndabwerera nayo m'thumba,
ndikuigwiragwira ngati dzino logwedera.

Che Twaibu anatisiya, kachipinda kaja ndi saluni tsopano.
Ajibu ali ku Joni, samayankha mauthenga.
Ine ndinatsala ndi kamemore kadi
m'chitini cha mabatani cha mkazi wanga.
M'menemo tikadali ana:
mayina athu anayi ofupikitsidwa,
golide mazana atatu, kabotolo kamodzi kosatsegula.

Likangala wadzaza, akukokolola zinyalala za m'tauni.
Chifunga chatsika, phiri lasowa.
Kwinakwake mlonda uja akadali chiimire pachipata,
kukamwa kuli yasa,
ndipo sindikudziwa
ngati ankati lowani
kapena bwererani.