Dzanja pa Msana

Ndalama zopumira ntchito ku esiteti
sindinagulire malata ngati anzanga.
Ndinakwera matola mpaka ku Luchenza
n'kubwerako ndi nkhosa zisanu.
Ya banga pamphumi ndinaitcha Penshoni.

Zaka makumi atatu ndikuthyola tiyi
ndinaidziwa njala ya m'ma leveni koloko,
ndiye ndinalumbira kuti changa sichidzalira chakudya.
Madeya m'mawa, madeya madzulo,
makoko a nandolo, makoko a nthochi,
nsenjere mulu mpaka kupondaponda.
Penshoni anatenga bere, nanenepa,
msana kuti see ngati thumba la feteleza losamasula.
Odutsa pamsewu wa ku Masambanjati ankaima:
"A Mulepa, mukuweta nkhosa kapena mvuu?"
Ine kumangoseka, chifuwa patsogolo.

Lachinayi lija chiperoni chinagona pakhomo.
Ndinalowa m'khola ndi tochi ya foni.
Kunsi kwa mchira kunali kutatuluka nyama yofiira,
kukula kwake nkhonya ziwiri,
yomatirira zinyalala ndi ndowe,
mwini wake akukankha, akubuula, akukukuta mano,
pomwe kubereka kudakali masabata atatu.

Mkazi wanga anati, "Ndi anthu awa."
Sindinayankhe. Ndinaimba foni.

Mlangizi wa ziweto, mwana wa a Nakhumwa,
anafika njinga yamoto ili matope okhaokha.
Za anthu sanafunse.
Anafuna madzi ofunda, sopo,
ndi shuga wathu wa m'kabati.
Shuga! Ine ndi mkazi wanga tinayang'anana.
Anatsuka modekha ngati akusambitsa khanda,
nawaza shugayo, chotupa n'kuyamba kuphwa.
Ine nditanyamula miyendo yakumbuyo,
mkodzo wotsekeka usiku wonse
unathira nsapato zanga zakutchalitchi.
Anabwezera mkati ndi chikhatho chonse,
nasoka, nabaya jakisoni.
"Ikayamba kubereka mundiitane ndidzadule ulusiwu,
kaya ndi pakati pa usiku."

Kenaka anatenga dzanja langa
n'kulikhazika pamsana pa Penshoni, kuseri kwa nthiti.
"Fupa mukulimva?"
Ndinakanikiza. Mafuta okhaokha.
"Maso amanama, bambo, ubweya umabisa.
Fupa likamabaya ngati mano a sowo, yaonda.
Likasowa chonchi, mwapyola.
Lizimveka, koma litafunda.
M'mimbamu muli ana awiri, muli mafuta,
muli nsenjere yonse ya dzulo.
Nyumba ikadzaza, china chimatulukira pakhomo."

Ndinati ndiye ndiimane chakudya?
"Ayi! Igwa, ana afera m'mimba.
Pang'ono, kawirikawiri. Ndipo iziyenda."
Anayang'ananso khola langa lotsetsereka
momwe nkhosa imagona mutu kumtunda,
katundu yense atatsamira kumchira.
Sananene kanthu. Ndinakatenga khasu.

Madeya tsopano ndimayeza ndi chitini cha majarini,
theka kukacha, theka dzuwa likapendeka.
Penshoni amandiyang'ana ngati kapitawo
amene wamudula makilo pa sikelo.
Ndimam'tsitsa kumtsinje, ndimam'kweza,
tonse awiri kupumira m'mwamba.

Ulusi unadulidwa tambala asanalire.
Ana awiri, onyowa, miyendo njenjenje,
wina wa banga pamphumi.
Ndisanamalize kukondwa mtsikana uja anati,
akusamba m'manja,
"Chaka chamawa zidzabweranso izi.
Ana akaleka kuyamwa, mayiyu apite kumsika.
Wamkaziyonso musasunge mbewu."

Ndamanga kansalu kofiira m'khosi mwake
kuti ndisadzanamizire kuiwala.
Mkazi wanga akuti ndalamazo tigule malata.

Lamulungu lililonse, belu lisanalire,
ndimalowa m'khola, maso n'kutsinzina,
dzanja kuyenda pamisana inayi ija,
kufunsa fupa lililonse kuti zili bwanji.
Ndikafika pa wachisanu ndimachedwa.
Fupa lake layamba kumveka,
bwino lomwe, monga ananenera,
tsopano pamene wa butchala wabwera kale kawiri
kudzafunsa mtengo.