Maola Zana ndi Makumi Awiri

Ndaweruka m'bandakucha, makutu akadali otentha
ndi zomvera zomwe ndavala usiku wonse.
Zaka zisanu ndi chimodzi muno mu Iloilo
ndakhala ndikupepesa m'Chingerezi
kwa anthu a ku Ohio omwe intaneti yawo yadula.
Kuntchito amanditcha Jenny.
Kwathu ndine Luzviminda,
ndipo m'jipini yobwerera ku Jaro
ndimagona tsaya litatsamira chitsulo.

Lero tulo palibe. Ndatsegula foni.

Kosi yoyamba ndi ya pa intaneti,
maola zana ndi makumi awiri,
mtengo wake ngati wa thumba la mpunga.
Akuti atsitsa mtengo mpaka pakati pa usiku uno.
Mwezi watha ankanenanso zomwezo.
Pachithunzi pali mtsikana akuseka pamchenga,
laputopu ili pamiyendo,
koma mwana wasukulu sindikumuona ndi mmodzi yemwe.

Yachiwiri ili ku Cebu, milungu inayi,
m'kalasi ya makoma enieni ndi fani yolira.
Umaima pamaso pa anthu a ndevu zawo
wina atakhala kumbuyo ndi cholembera,
kulemba paliponse pomwe wapunthwa.
Imafuna malipiro anga a miyezi itatu,
osawerengera sitima yapamadzi, pogona, chakudya,
ndi ntchito yomwe sangandisungire.

Yachitatu ndinaitseka msanga.
Inafunsa za pasipoti yanga
isanafunse dzina.

Msuweni wanga Rodel ali ku Da Nang, chaka chachiwiri.
Akuti, tenga yotchipayo iwe,
kuno amangoyang'ana chidindo.
Koma usiku wina anandiimbira mawu akunjenjemera:
ana makumi anayi anamuzunguza mutu tsiku lonse,
wina anafunsa chifukwa chomwe mneni wina
amasinthira chonchi akanena za dzulo,
iye n'kungoti, basi, ndi momwe zilili.
Za usiku umenewo satchulanso.

Ndapeza mayi atatsegula kale windo la kagolosale,
akupachika timapaketi ta shampu.
Sananene kuti pita, sananene kuti khala.
Angofunsa kuti bilu ya magetsi
adzalipira ndani mwezi wa ku Cebuwo,
kenaka maso awo akwera kudenga,
pa lata lomwe namondwe anapinda chaka chatha,
pomwe timatchera beseni.

Masana kwabwera Nonoy wa nyumba yoyandikana
kudzagula ayisi wa mapeso asanu.
Ndamukhazika pabenchi. Ndati, mphindi khumi zokha,
ndikuphunzitse kufunsa njira.
Ndalankhula ngati mpopi woiwalika,
mawu osalala omwe aja ondidyetsa,
ndafotokoza, ndabwereza, ndafotokozanso.
Mwanayo amangoyang'ana ayisi
akusungunukira m'pulasitiki, kudonthera paphazi.
Mphindi khumi zatha asanatsegule pakamwa.
Wati, ate, ndizipita?

Ndakhala pabenchipo ndekha.
Palibe amene anali kumbuyo kulemba,
koma ndadziwa zomwe akanalemba.

Tsono ndatenga buku la ngongole la mayi,
ndatembenuza tsamba lakumapeto, lopanda mayina,
ndayamba kuwerengetsera.
Ovataimu ya Khrisimasi. Kugulitsa foni yakale.
Kusiya khofi wa pageti.
Ndachotsa, ndaphatikiza, ndafufuta ndi chala.
Zikuperewerabe mapeso zikwi khumi ndi zinayi,
ndipo denga silinalowemo.

Yotchipa ija yanditumiziranso uthenga:
kwatsala maola asanu ndi anayi okha!

Ndalembera a ku Cebu mizere itatu,
kufunsa ngati amalola kulipira pang'onopang'ono,
komanso ngati amene anamaliza chaka chatha
angandipatse nambala ya mmodzi yekha
ndimve kuchokera pakamwa pake.
Kawiri ndafufuta mawu oti pepani
omwe zala zinalemba zokha.

Kwada. Mayi akutseka windo.
Jipini ya shifiti yausiku ikuliza hutala pakona,
ndipo yankho silinabwere.