Kabokosi ka Pansi pa Tebulo

Ku Sudbury, Lachinayi, chipale chofewa chafika m'mawondo.
Bambo anga, a Toivo, aimba pa foni ya mnansi:
"Bwera, Aila. Kabokosi kako kaja kakumeza mawu anga."

Kanga, inde. Ndinakagula ndine
chaka chimene bilu ya lamya inakwera.
Ndinati, Bambo, mawu azidzera pa intaneti,
nambala ikhala yomweyo.
Anangondiyang'ana, ngati ndawauza
kuti mtsinje uyamba kudzera kuseri kwa nyumba.

Ndagwada pansi pa tebulo, tochi kukamwa.
Fumbi, batani la malaya, mapiritsi awiri ogwa kalekale.
Timagetsi titatu: kobiriwira, kobiriwira,
kachitatu kakuphethira
ngati munthu wodziwa kanthu koma wosafuna kunena.

"Chikuchitika n'chiyani kwenikweni?"
"Eino ndimamumva. Iye sandimva.
Ndimakuwa mpaka galu wa mnansi kuuwa,
koma ku Thunder Bay mng'ono wanga amangoti,
Halo? Halo? Toivo, ndiwe?
Kenako amatsokomola, n'kudula."

Ndazula chingwe cha magetsi.
Tawerenga mpaka makumi atatu,
ine chamumtima, iwo mokweza, m'Chifinishi cha amayi awo.
Ndabwezera. Ndaimba foni yanga ya m'thumba.
Mawu anga andibwerera mochedwa, opyapyala,
ngati mlendo wondinyogodola ali m'chipinda china.
Ndasintha chingwe chotuwa chija, chothyoka dzino.
Ndachotsa kafoni kakale ka kuchipinda chogona.
Tsopano mawu akuduka zidutswazidutswa,
"mu... ndi... mva?"
ngati mkate wonyemedwa ndi mwana.

Bambo aima pakhomo, manja m'thumba.
Zaka makumi atatu ndi zinayi mumgodi wa nikelo,
amadziwa kumvera thanthwe likamalankhula,
koma kabokosi aka sakakhulupirira.

Mnyamata wa kukampani, Gaétan, ali ku Moncton,
akutafuna kenakake uku akundilangiza.
Akuti rauta ili ngati mlonda wachangu mopitirira,
olowa amawatsegulira,
otuluka amawasokonezera adiresi.
Lowani patsamba lake, akuti,
pezani kamzere ka zilembo zisanu ndi chimodzi, kazimitseni.
Mawu achinsinsi ali kumimba kwa rautayo,
tizilembo tating'ono ngati nyerere.
Bambo andibwereka magalasi awo.

Ndakazimitsa. Tadikira.
Kachitatu kaja kaleka kuphethira.

"Yesani tsopano."
Sakutenga foni. Akupukuta tebulo loyera kale.

"Masabata atatu," akuti,
"ndakhala ndikumuimbira usiku uliwonse.
Iye halo, halo, ine ndikulankhula.
Ndinamuuza za boti la bambo athu,
kuti ndinaligulitsa ndine, silinamire ayi.
Ndinamuuza chifukwa chake sindinapite
kumaliro a mkazi wake.
Tsiku lina sanadule msanga.
Ndinkamumva akupuma, wailesi ikulira kumbuyo,
ndipo ndinanena zonse, mpaka ketulo inauma pamoto."

Ndakhala pansi pomwepo, fumbi m'mawondo,
chingwe chakale chili m'manja.
Mumsewu galimoto yokankha chipale yadutsa,
magalasi a m'kabati alira pang'ono.

Adina manambala khumi ndi chala chopindika chija.
Yalira kawiri.
"Toivo! Bwanji, unafa?"
Mawu oyera, opanda mkokomo, opanda chidutswa,
ngati Eino wakhala pampando wa pazenera uwo.

Bambo atsegula pakamwa.
Ayang'ana kabokosi, ayang'ana ine.
"Kukuzizira kwanuko?" afunsa.
"Kwambiri. Kwanuko?"
"Kwambiri."

Ndatola mapiritsi awiri aja, ndawataya.
Ndavala jekete, ndatuluka kukafosholo pakhonde,
ngakhale mnansi anafosholapo kale m'mawa.
Pazenera ndikuwaona, foni ili kukhutu,
milomo yatsekeka,
koma sanadule.